Kujambula Munthu Mwachidule: Nzeru za Haiku pa Gombe la Chipoka

Nkhani ya lero ikukhudza luso lojambula anthu pamanja, makamaka zithunzi zazing'ono zoonetsa munthu mmodzi ali phee, akulingalira kapena akugwira ntchito yake. Luso limeneli latapa nzeru ku ndakatulo ya ku Japan yotchedwa haiku, ndipo gombe la Chipoka, m'boma la Salima, ndi malo abwino olimvetsera.

Haiku ndi ndakatulo yaifupi kwabasi. Ili ndi zigawo zitatu zokha: choyamba cha maphatikizo 5, chachiwiri 7, chachitatu 5, onse pamodzi 17. Amene anaikweza ndi Matsuo Basho, yemwe anabadwa mu 1644 namwalira mu 1694. Pambuyo pake kunadza Yosa Buson, wobadwa mu 1716, amene anali mlakatuli komanso katswiri wojambula. Iye anatchuka ndi zithunzi zotchedwa haiga, zimene zimajambulidwa ndi mizere yowerengeka, ndakatulo n'kulembedwa pambali. Dzina lakuti haiku linakhazikika m'zaka za m'ma 1890 chifukwa cha Masaoka Shiki, amene ankaphunzitsa kuti mlakatuli azilemba chimene maso ake aonadi.

Kuchokera kwa akatswiri ameneŵa wojambula amatengako mfundo zitatu.

Yoyamba ndi ya nyengo. Haiku iliyonse yamwambo imakhala ndi liwu limodzi losonyeza nyengo ya chaka. Ku Chipoka nyengo imadziŵika ndi mphepo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, mwera ukamakuntha, nyanja imalusa ndipo mabwato amagona pamtunda. Wojambula safunika kuonetsa mafunde onse. Mayi wodzifunda chitenje mpaka m'khosi, mphonje yake ikuuluzika, wanena kale kuti ndi nthaŵi ya mwera. Chimodzimodzi, mwana wogona pansi pa mtengo wa mango, khoko la bango lili m'manja, wanena za kutentha kwa Novembala. Chizindikiro chimodzi chikwana.

Yachiwiri ndi ya kudula. Haiku imaika zinthu ziŵiri moyandikana, osafotokoza chimene chikuzilumikiza. Pa chithunzi, kungakhale nkhalamba ikusoka ukonde, pambali pake pali nyali yozima ya asodzi a usipa. Kungakhalenso mayi ataima pa thandala lopanda nsomba, dengu lili chafufumimba pansi. Wojambula sanena ngati usiku wathawo kunali mwera kapena nsomba zinangosoŵa. Woona ndiye amalumikiza, ndipo polumikizapo amayamba kumva chimene munthu wa pa chithunziyo akumva.

Yachitatu ndi ya malo osajambulidwa. Ophunzira ambiri amaopa pepala loyera, motero amadzaza ngodya zonse ndi mitengo, mbalame ndi mapiri. Wotsata njira ya haiga amasiya mbali yaikulu ya pepala ili mbee. Mzere umodzi wopingasa kumbuyo kwa munthu usandutsa kuyera konseko kukhala nyanja. Malo opanda kanthuwo ndi amene amabweretsa bata.

Zipangizo zake n'zosavuta: pepala, pensulo kapena khala la pamoto, inki yakuda, burashi imodzi, ndi utoto wosungunula ndi madzi wa mtundu umodzi kapena iŵiri. Chovuta ndi kudekha. Inki ikagwa pa pepala sifufutika, choncho wojambula amayamba wapenyetsetsa nthaŵi yaitali asanagwire burashi. Amaona mmene msana wapindikira, kumene khosi lapendekera ndi chimene manja akuchita, pakuti kaŵirikaŵiri msana ndi manja zimaulula za mumtima koposa nkhope. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chipoka ili ndi mwayi wina pa luso limeneli, chifukwa kuyambira kale ndi malo odikirira. Njanji yochokera ku Blantyre kupita ku Salima inadutsa pamenepa mu 1935, ndipo doko lake linalumikiza sitima za pamtunda ndi za pamadzi, kuphatikizapo Ilala imene inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951. Apaulendo ankakhala pa katundu wawo tsiku lathunthu. Pa gombe napo, amayi ogula nsomba amadikira mabwato mbandakucha. Munthu wodikira sadzikonza ngati wopita kwa wojambula wa kamera. Amakhala mmene alili.

Komatu kuyandikira munthu chotere kumafuna ulemu. Wojambula wanzeru amayamba wapereka moni, nafotokoza cholinga chake, napempha chilolezo. Kumadooko osambirako safikako. Akamaliza amaonetsa mwini wake chithunzicho, pakuti nkhope ya munthu si nsomba yoti aliyense atole.

Wina angafunse ngati nzeru za ku Japan zingamere m'dothi la Malaŵi. Kunena zambiri m'mawu ochepa si kwachilendo kwa anthu a miyambi ndi zilape, zimene zimasiyira womva ntchito yomasulira. Ngakhale chinenero chimavomera: maphatikizo a Chicheŵa amathera pa lembo la liwu monga ambiri a Chijapani, kotero kuti dzina lakuti Chi-po-ka liŵerengeka mosavuta kuti ndi atatu. Ndiponso kumwera kwa Chipoka, pa mishoni ya Mua m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada, anakhazikitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, kumene amisiri osema ndi ojambula aphunzira kuonetsa moyo wa Acheŵa, Angoni ndi Ayao.

Zithunzi zambiri zogulitsa kwa alendo m'mbali mwa nyanja zimaonetsa thambo lofiira, mabwato ndi timithunzi takuda ta anthu opanda nkhope. N'zokongola ndithu, koma munthu amasoŵamo. Chithunzi chotsata nzeru za haiku chimachotsa zonse zokopa maso, nichisiya msodzi kapena mayi wa pa thandala ali yekha ndi maganizo ake. Mdzukulu wodzachiona m'tsogolo adzazindikira kakhalidwe ka agogo ake pa mchenga, ndi kagwiridwe kawo ka ukonde.