Ankhoswe Kwathu, Zikalata kwa Eni

Mzungu wina wa ku Mangalande, amene adaitanidwa ku chinkhoswe cha mwana wa mlongo wanga ku Bangwe, ataona kuti mkamwini ndi mnyamata wa ku Tete, ndi kuti panalibe womufunsa za malipiro ake, adanena poyera kuti ife Amalawi timakwatitsa ana mosasamala. Mawuwa adandilasa mtima, pakuti kwawo komweko ndiko kumene ukwati wasanduka nkhani ya masamu.

Kuyambira mu 2012, nzika ya Britain yofuna kuitana mkazi kapena mwamuna wake wochokera kunja inkayenera kuonetsa kuti imalandira mapaundi 18,600 pa chaka, ndipo mu 2024 ndalamayo idakwezedwa kufika pa 29,000. Wobwerayo ayenera kukhoza mayeso a Chingerezi, nadikira zaka zisanu, kulipira ndi kupereka zikalata, asanaloledwe kukhazikika. Motero mbale wathu amene adatenga unzika wa kumeneko, ngati malipiro ake aperewera, angathe kukalamba yekha ku Leeds, mkazi wake akulera ana ku Ndirande, ngakhale ukwati wawo udadalitsidwa pamaso pa Mulungu ndi mpingo.

Kwathu nako mlendo salowa m'banja mwachisawawa, koma chimene timayesa ndi khalidwe, osati thumba. Ankhoswe a kuchimuna amafika kwa amalume a mkazi, nafunsidwa kuti, "Kwanu nkuti, mfumu yanu ndani, mwana wanuyu adabadwa kwa yani?" Patsiku la chinkhoswe amaturutsa atsikana ofundidwa zitenje kumutu, kuti akuchimuna aloze mkazi wawo pakati pa nthungululu, amasinthana tambala ndi msoti, mwamuna amalandira khasu ndi nkhwangwa, mkazi lichero, mthiko ndi chipande. Ndipo ankhoswe amenewo sathawa udindo mwambo ukatha, popeza ndiwo adzadzutsidwa usiku banja likagwedezeka, ndiwo adzayenda pa matenda ndi pa maliro. Kodi pepala la ku banki lidayamba lapita kukayanjanitsa banja?

Makolo athu amene adachona ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni, pobwerera adadza ndi akazi Achishona ndi Achindebele. Amayi amenewo adalandiridwa ngati atengwa, monga Rute Mmoabu adalandiridwa ku Betelehemu, naphunzira kutsira thendo mu mpiru, ndipo lero zidzukulu zawo zili ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa popanda woziloza chala. Paja akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa.

Chondiwawa nchakuti lamulo lathu la unzika la mu 1966 lidatsata nzeru za eni m'malo mwa zathu, pakuti lidatsegulira khomo mkazi wachilendo wa mwamuna wa Chimalawi, koma losatero kwa mwamuna wachilendo wa mwana wathu wamkazi, m'dziko limene chikamwini ndi mwambo wa anthu ochuluka. Aphungu adachita bwino mu 2018 polola unzika wa mayiko awiri. Atsirize tsono ntchitoyo, kuti mkamwini amene ankhoswe amulandira, boma nalo limulandire molingana ndi mtengwa.