Utsi wa ku Neno: nambala ya pamakina imachokera kuti?

Amene wadutsapo pa Zalewa amawadziwa matumba a makala omwe amandandalikidwa m'mbali mwa msewu. Kuseri kwa matumbawo kuli utsi: wa m'mauvuni, wa nkhuni m'makhitchini, wa moto wolusa m'chilimwe. Onjezeranipo fumbi la misewu yadothi. Zonsezi zimathera m'mapapo, ndipo odwala mphumu omwe amapita kuchipatala cha Neno kapena cha Lisungwi amadziwa bwino ululu wake.

Masiku ano kwabwera timakina totchipa toyezera mpweya. Timaonetsa nambala ya PM2.5, kutanthauza tinthu touluka tosaposa ma micrometre 2.5, tochepa pafupifupi ka 30 poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Toteroti ndi tomwe timalowa mkatikati mwa mapapo, pomwe fumbi lokulirapo lambiri limakodwa m'mphuno ndi kukhosi.

Chomwe chandichititsa chidwi n'chakuti kamakinako sikayeza kulemera kwa utsi ayi. Kamakoka mpweya, n'kuuwalitsa ndi laser, kenako n'kuona mmene kuwalako kwamwazikira. Zotsalazo ndi masamu obwerera chammbuyo. Zili ngati kumvetsera mvula padenga la malata, ndiye munthu n'kukufunsani kuti madontho aakulu agwa angati, ang'onoang'ono angati. Phokoso lomwelo lingachokere ku madontho aakulu ochepa kapena ang'onoang'ono ambirimbiri. Mayankho otheka ndi ochuluka, ndipo kaphokoso kena kakangolowerera, yankho limasokera kutali.

Gustav Mie anafotokoza mu 1908 mmene tinthu tobulungira timamwazira kuwala. Andrey Tikhonov mu 1963 anabwera ndi njira yosankhira yankho losadumphadumpha pakati pa mayankho onsewo, ndipo ya Sean Twomey ya mu 1975 imayamba ndi kungoyerekeza, n'kumakonza pang'onopang'ono mpaka zigwirizane ndi zomwe makina aona. Timakina totchipa timangodalira masamu omwe tinaikidwa kufakitale. Chinyontho chikachuluka tinthu tija timafufuma, nambala n'kukwera. Fumbi lokulirapo timaliona mwapatalipatali. Kunena zoona, sindikhulupirira kuti amene ankatchera masamuwo ankaganizako za khitchini ya udzu ya kwa Dambe.

Nkhaniyi si yamasewera. Kafukufuku wa CAPS ku Chikwawa ndi Karonga, wokhudza ana oposa 10,000, anapeza mu 2016 kuti mbaula zamakono zochepetsa utsi sizinachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu. Ndiye tikamati utsi wachepa, tikunena tinthu tokula bwanji, ndipo wayeza ndani?

Bungwe la WHO linanena mu 2021 kuti PM2.5 isamapitirire ma microgram 15 pa cubic metre patsiku. Kuti tidziyerekeze ndi mlingo umenewu, kamakina kaziyamba kaikidwa pambali pa chipangizo chokokera mpweya pa kasefa, kasefako n'kukayezedwa pasikelo ya mu labotale. Izi zichitikire konkuno, m'dzinja ndi m'chilimwe momwe, nambala zisanalowe mu lipoti.