Kukonzekera ntchito kumayambira ku koleji, osati pa tsiku lolandira digiri

Lilongwe, Mana: M'mawa wa tsiku lililonse la ntchito, misewu yochokera ku Area 12 kulowera ku City Centre ndi ku Capital Hill imadzaza ndi galimoto za akuluakulu a boma ndi a mabungwe. M'mbali mwa misewu yomweyo mumayenda achinyamata atanyamula maenivulopu a makalata ofunsira ntchito.

Achinyamatawa ali ndi madigiri ndi madipuloma, koma pa mayeso a ntchito ena mwa iwo amagwa pa funso limodzi: kodi munagwirapo ntchito kuti? Yankho lake limayenera kukonzedwa wophunzira adakali ku koleji.

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti m'dziko muno mudali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo adali osafika zaka 18. Sukulu za ukachenjede nazo zawonjezereka. LUANAR idaima payokha mu 2012, MUST idatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mu 2021 University of Malawi idagawidwa kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS. Izi zikutanthauza kuti mpata umodzi wa ntchito ukulimbiranidwa ndi anthu ochuluka omwe mapepala awo ndi ofanana.

Pofuna kuchepetsa vutoli, mu 2018 boma, kudzera ku unduna woona za ntchito, lidayambitsa ndondomeko yotumiza omaliza maphunziro a ukachenjede kukaphunzira ntchito m'maunduna, m'nthambi za boma ndi m'makhonsolo. Pachiyambi aliyense ankalandira K80,000 pamwezi. Komabe mwayiwu ndi wa kanthawi, umabwera maphunziro atatha, ndipo si lonjezo la ntchito yokhazikika.

Choyamba chomwe wophunzira ayenera kudziwa ndi khomo lolowera ntchito yomwe akuifuna. Ntchito zambiri za m'maunduna zimalembedwa kudzera ku Civil Service Commission, pomwe aphunzitsi ndi a zaumoyo ali ndi makomishoni awoawo. Wa digiri kawirikawiri amayambira pa Giredi I. Kuwerenga zolengeza za mipata ya ntchito kuyambira chaka choyamba ku koleji kumamuthandiza kuona zomwe olemba ntchito amafuna, nthawi yosankha maphunziro oyenera isanathe.

Chachiwiri, pali ntchito zomwe digiri payokha siikwanira. Namwino ndi mzamba ayenera kulembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, dokotala ku Medical Council of Malawi, ndipo wowerengera ndalama amayenera kudziwa zofunika za bungwe la ICAM. Wodziwiratu izi amakonzekera mayeso ndi ndalama zake nthawi ikadalipo.

Chachitatu ndi miyezi yomwe koleji imatumiza ophunzira kukaphunzira ntchito m'maofesi ndi m'makampani. Apa mpomwe wophunzira amaona momwe fayilo imayendera, momwe kalata ya boma imalembedwera, ndiponso momwe zokambirana za pa msonkhano zimasungidwira. Amaphunziranso kusunga nthawi, kusunga chinsinsi cha ofesi ndi kulemekeza anthu odzafuna thandizo. Mkulu yemwe adamuyang'anira ndi amene mawa adzamuchitire umboni kwa olemba ntchito.

Maphunziro a ntchito zamanja adatsogola kale pa mfundoyi. Pansi pa bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1999, ophunzira a m'makoleji monga Lilongwe Technical College amasinthanitsa nthawi ya m'kalasi ndi ya kumalo a ntchito. Olemba anthu ntchito amathandiza ndondomekoyi popereka msonkho wa 1 peresenti ya malipiro a antchito awo.

Udindo waukulu uli m'manja mwa ogwira ntchito m'boma omwe amalandira ophunzirawa. Wophunzira yemwe watha miyezi itatu akungojambula mapepala ndi kutumidwa kukagula chakudya cha masana amabwerera ku koleji chimanjamanja. Koma yemwe wapatsidwa womuyang'anira, ntchito yeniyeni ya sabata iliyonse, ndi kalata yofotokoza zomwe wachita, amapita ndi chinthu chokaonetsa pa mayeso a ntchito.

Chilungamo pa kagawidwe ka malo nchofunikanso. Mwana wokulira ku Area 12, Area 10 kapena Area 43 nthawi zambiri amadziwana ndi akuluakulu omwe angamupezere malo mosavuta, pomwe mnzake wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje sadziwa aliyense mu likulu. Ofesi ikamalandira ophunzira potsata makalata ochokera ku makoleji, osati potsata chibale, onse amakhala ndi mwayi wofanana.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amaika achinyamata ndi luso la anthu patsogolo pa chitukuko. Kukwaniritsa izi kukudalira zomwe zikuchitika lero pa desiki lililonse lomwe pakhala wophunzira.

Akuluakulu omwe ali m'maofesi a ku Capital Hill adzapuma pa ntchito tsiku lina, ndipo mafayilo awo adzatsala m'manja mwa ophunzira omwewa. M'mera mpoyamba.