Tizigawo tosaoneka tomwe tinagwetsa chimanga cha ku America

M'chaka cha 1970 alimi a ku United States anataya pafupifupi magawo 15 pa 100 alionse a chimanga chawo chifukwa cha matenda owumitsa masamba. Gwero la tsokali linali m'tizigawo ta m'maselo totchedwa mitochondria. Chimanga cha haibulidi chochuluka chinali ndi mitochondria a mtundu umodzi, olepheretsa ngayaye kubala mungu, kotero kuti opanga mbewu sankavutika kuthyola ngayayezo. Koma nkhungu yoyambitsa matendawo inkatulutsa poizoni wowononga mitochondria a mtundu womwewo.

Mitochondria ndiwo amasandutsa chakudya ndi mpweya kukhala mphamvu m'thupi la munthu, la chiweto ngakhalenso m'mbewu. Ali ndi DNA yawoyawo, imene mwana amatengera kwa mayi ake. M'chaka cha 1981 gulu la Frederick Sanger ku Cambridge linawerenga DNA yonseyi mwa munthu, yomwe ili ndi zilembo 16,569.

Nkhaniyi ikutikhudza kuno kwathu. Alangizi a zaumoyo akukumbukira odwala Edzi omwe ankadandaula dzanzi m'mapazi ndi kuphwa kwa masaya pomwa ma ARV akale. Mankhwala a stavudine ndiwo ankaononga mitochondria, ndipo bungwe la WHO linalangiza mayiko mu 2009 kuti awasiye pang'onopang'ono. Nazonso mbozi zachilendo zitayamba kudya chimanga kumadzulo kwa Africa mu 2016, akatswiri anatsimikiza kuti ndi mtundu wochokera ku America poyeza DNA ya mitochondria ake.

Luso lotere silibwera ndi digiri yoyamba. Wofufuza wachinyamata amatha zaka mulabotale pansi pa katswiri, kuphunzira kupatula mitochondria m'maselo, kuyeza mpweya umene akugwiritsa ntchito ndiponso kuwerenga DNA pakompyuta. Makina ake ndi okwera mtengo, ndipo amafuna magetsi osazimazima ndi mafiriji ozizira kwambiri. N'chifukwa chake ambiri amakaphunzira kunja, ena osabwereranso posowa zipangizo kwawo.

Dziko lopanda akatswiri otere limadikira mayankho ochokera kutali pamene mbewu ikutha m'munda. Komabe kafukufuku amayambira kumudzi. Mlimi akaona mbozi yachilendo aitengere kwa mlangizi msanga, ndipo wodwala akamva zachilendo pomwa mankhwala akanene kuchipatala, asangowasiya yekha.