Za Woimba Wotchuka Amene Anatembenukira kwa Ana

Mwezi uno tikusimbirani za Mark Mothersbaugh, mwamuna wa ku Amerika, wobadwa m'chaka cha 1950 mu mzinda wa Akron. Pa ubwana wake maso ake sanali kuona bwino, kufikira anamuveka magalasi ali wa zaka 7.

Atakula, iye ndi anzake a pa sukulu yaikulu ya Kent State anayambitsa gulu loimba, dzina lake Devo, mu 1973. Nyimbo yawo "Whip It" inamveka m'dziko lonselo mu 1980. Koma mbiri ya woimba ili ngati mame, pakuti dzuwa likakwera sipezekanso. Chimbale chawo cha 1984 sichinagulidwe bwino, ndipo kampani imene inkasindikiza nyimbo zawo inawaleka.

Tsono mu 1986 Paul Reubens anampempha kuti apeke nyimbo za masewero a ana a pa wailesi ya kanema, otchedwa Pee-wee's Playhouse. Iye sanayese ntchitoyo yochepa, koma anaigwira ndi luso lake lonse. Mu 1989 anatsegula nyumba yake yopekeramo nyimbo, Mutato Muzika, ku Los Angeles. Kuyambira 1991 anakometsa Rugrats, nthano za makanda zojambulidwa, ndi nyimbo zomveka ngati zoseweretsa za ana, ndipo nthanozo zinapitirira kufikira 2004.

Taonani, makolo: amene anatayidwa ndi amalonda analandiridwa ndi tiana, ndipo ntchito yake inakhalitsa. Makutu a mwana ayenera mmisiri weniweni, pakuti mmera mpoyamba. Choncho tisamale nyimbo zimene ana athu akumva.