Nthano M'mene Wolungama Adulidwa Mutu

Anthu ambiri anazolowera nthano zimene zitha bwino: mfumu yoipa igwa, ndipo mnyamata wolimba mtima alowa ufumu. Zotere zipezeka m'buku la J. R. R. Tolkien, The Lord of the Rings, limene linaturuka m'zaka za 1954 ndi 1955. Koma mlembi wa ku America, George R. R. Martin, anapatuka pa njira imeneyi pamene anaturutsa A Game of Thrones m'caka ca 1996.

M'bukuli muli Eddard Stark, nduna yaikuru ya mfumu Robert, munthu wodana ndi bodza. Iye atazindikira kuti ana a mfumukazi Cersei sanali a mfumu koma a Jaime, mlongo wa mfumukaziyo, anagwidwa cifundo ndi anawo, napita kukacenjeza mai wao kuti athawe nao. Cifundo cimeneci ndico cinamuphetsa. Robert atamwalira, Cersei anamgwiritsa Eddard, ndipo mfumu yatsopano, Joffrey, inalamula kuti adulidwe mutu. Owerenga anayembekeza mpulumutsi, koma sanafike.

Nayenso Jaime asokoneza maganizo. Poyamba aoneka cirombo, pakuti anakankha mwana wa zaka 7 kucokera pa nsanja yaitali kuti abise cigololo cace. Dziko lonse linamnyoza cifukwa anapha mfumu Aerys imene analumbira kuiteteza. Koma m'buku lacitatu, A Storm of Swords, la m'caka ca 2000, ziululika kuti Aerys anafuna kutentha mzinda wonse pamodzi ndi anthu ace. Nchito imene inaipitsa dzina la Jaime ndiyo inapulumutsa miyoyo yambiri. Komabe mlandu wa mwana uja sufafanizika.

Nkhanza za m'mabuku amenewa sizinangocokera m'mutu mwa mlembi. Kulimbana kwa banja la Stark ndi la Lannister kufanana ndi nkhondo ya mabanja a York ndi Lancaster, imene inayamba ku England m'caka ca 1455. Phwando la ukwati kumene Robb Stark ndi mai wace anaphedwa atadya kale cakudya ca mwini nyumba, Martin analitengera ku Scotland. Kumeneko, m'caka ca 1440, mnyamata wolamulira banja la Douglas anaitanidwa ku cakudya ku Edinburgh pamodzi ndi mphwace, ndipo onse awiri anadulidwa mitu.

Ena adandaula kuti nthano zotere ziphunzitsa acinyamata kuti cilungamo ndi ucitsiru, makamaka cifukwa zinafalikira kwambiri pa wailesi ya kanema kuyambira 2011 mpaka 2019. Dandaulo limeneli si lopanda pace. Koma woyang'anitsitsa aona kuti oipawo sapeza mtendere. Joffrey anafa ndi cakumwa ca poizoni pa ukwati wace womwe, ndipo Jaime anadulidwa dzanja limene anali kugwirira lupanga. Nyumba yacifumu ija inali cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono Martin sanyoza cilungamo ca Eddard. Cimene aonetsa ndico cakuti mtsogoleri wa mtima wabwino, ngati sadziwa mitima ya anthu omzinga, aika pangozi banja lace ndi dziko lace lomwe.