Moto wa kumtaya umayambira m'kati

Moto ukabuka kumtaya, chala chimaloza wotaya ndudu kapena anyamata owotcha matayala pofuna waya. Nthawi zina amakhaladi iwowo. Koma mulu wa zinyalala utha kudziyatsa wokha popanda machesi.

Mlimi wopanga manyowa amadziwa kuti ukapisa dzanja pakati pa mulu mumatentha. Kutenthako kumachokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso timene tikudya zowola, ndipo kumafika madigiri 60 kapena 70. Kamulu kakang'ono mphepo imakaziziritsa. Chimulu chachikulu chimafungatira kutenthako. Tizilombo tija timafa, koma utuchi, mapepala ndi nsanza zimapitirirabe kutentha zikamakhudzana ndi mpweya, mpaka kuyamba kunyeka pansi, pomwe maso safika. Zowola zokwiririka zimatulutsanso mpweya wa methane, umene umayaka mosavuta. Masiku ano kwabweranso mabatire a lithium a m'mafoni ndi m'nyali za sola: thirakitala ikangoliponda batire lotere, moto wayamba.

Moto wa pansiwu sumva madzi. Ozimitsa moto amanyowetsa pamwamba, m'kati mukunyekabe, ndipo amayenera kufukula mulu wonse pang'onopang'ono. Mtaya wa Brahmapuram mumzinda wa Kochi ku India unayaka mu Malichi 2023 kwa pafupifupi masabata awiri, sukulu mpaka kutsekedwa chifukwa cha utsi. Matayala ndiye oopsa zedi: ku Hagersville m'dziko la Canada, mu Febuluwale 1990, mamiliyoni a matayala anayaka masiku 17, mafuta osungunuka n'kumalowa m'nthaka.

N'chifukwa chake bungwe la Environment Agency ku England limalimbikira za kukula kwa mulu. Usatalike kupitirira mamita 4, pakati pa milu pakhale mpata wa mamita 6, zinyalala zoyaka msanga zisakhalitse kupitirira miyezi 6, ndipo malowo akonzedwe mwakuti moto uzimitsike pasanathe maola 4. Pamafunikanso bwalo lopanda kanthu lokokerapo zimene zayamba kufuka.

Zambiri mwa izi sizilira makina odula, ndipo n'zotheka kumtaya wa Mzedi ku Blantyre, wa ku Area 38 ku Lilongwe, ngakhale kwa ocheka matabwa amene utuchi wawo umaunjikana chaka ndi chaka. Chofunika ndi dothi lokwirira zinyalala tsiku ndi tsiku, thirakitala yoyenda (osati yoimikidwa pamiyala kudikira sipeya), msewu woti galimoto ya ozimitsa moto ifike, ndi munthu woyendera milu m'mawa uliwonse, makamaka m'chilimwe cha Okutobala. Mabatire, matayala ndi phulusa la mbaula zizikhala pazokha.

Ovutika kwambiri ndi otola zinthu kumtaya ndi mabanja oyandikana nako. Utsi wa pulasitiki umayabwa m'maso, umautsa mphumu, ndipo tinthu take tating'onoting'ono timalowerera m'mapapo, makamaka a ana ndi okalamba.